Kabokosi Kokweza Mawu a Mayi a Nyenje

Lolemba, 6 Meyi

Kope la kuntchito ili, lolembamo mamota amene apsa. Ndalitembenuza, ndayambira kumbuyo.

Dzulo masana mayi a Nyenje anaterereka m'bafa. Akuti anandiitana kasanu ndi kawiri. Ine ndili pabalaza, mapazi khumi okha kuchokera pamenepo, maso pa nyuzipepala. Osamva kalikonse. Mpaka anachita kumenya ndowa ndi chidendene. Ndinawapeza atakhala pansi m'madzi a sopo, bondo litatupa, akuseka. Kuseka kopanda mawu, mapewa okha kugwedezeka. Ine manyazi mpaka lero.

Munthu amene ankati akakuwa m'kalasi mwake, ana a m'makalasi ena awiri oyandikana nawo ankakhalanso chete. Zaka makumi awiri ndi zinayi akuphunzitsa ana aang'ono. Chiwachotsereni chotupa chija pakhosi mu Januwale, chatsala ndi kunong'ona basi. Kunong'ona kwakenso kosasa, ngati pepala likukwekwesedwa patebulo. Ahedi akuti malo awo awasungira mpaka teremu ikubwerayi. Koma ana makumi asanu ndi limodzi angamumve bwanji munthu amene mwamuna wake sakumumva m'nyumba momwemo?

Ndaganiza. Ndiwapangira chokweza mawu. Kamaikolofoni pakolala, kabokosi patebulo, sipika. Cha m'sitolo tinayesa kale, cha mlamu wanga, mng'ono wawo uja amaimbitsa kwaya. Chimafuna munthu wofuula. Mawu a mayi a Nyenje sichinawatole n'komwe, chinkangotulutsa mphepo.

Ndine wa magetsi ine, zaka makumi atatu pa fakitale ya sopo. Mota yaikulu ngati ng'ombe ndimaidzutsa. Kabokosi kangandikanike?

Lachitatu, 8 Meyi

Nditaweruka ndinadzera kwa a Mawailesi, mkulu wokonza mawailesi uja pangodya ya msewu wathu. Kashopu kodzaza mpaka kudenga, fungo la mtovu ndi fumbi. Galasi limodzi la mandala awo ndi long'aluka chiyambire kuwadziwa.

Ndinafotokoza. Anamvetsera uku akumasula wailesi ya munthu. Akuti sipika si vuto, kaja kochajidwa anasiya mwana wathu Nyenje kali ndi ampulifaya yake mkati, kakwana. Vuto ndi chimene chimakhala patsogolo pake. Iwo amati piriampu: kadera kakang'ono kotola mawu ofooka a maikolofoni n'kuwakweza kaye, ampulifaya isanawalandire. Mawu a munthu wonong'ona amafunika kukwezedwa kambirimbiri. Ndipo kamakweza chilichonse chimene kapeza, osasankha. Mawu, mpweya, ngakhale phokoso la magetsi amene ukukadyetsawo.

Anati, "Inu a mamota mumaona ngati magetsi ndi magetsi basi. Aka mukakadyetsa zonyansa, kalankhula zonyansa."

Anandijambulira pa chidutswa cha katoni. Kachipu ka miyendo isanu ndi itatu, marezisita, makapasita, chopotokola cha voliyumu, kamaikolofoni kochepa ngati batani la malaya. Zonse zakwana m'thumba la shati. Za magetsi okadyetsa akuti njira zilipo zitatu: chaja ya foni, tiransifoma, kapena mabatire. Iwo asankha mabatire. Ndinangoseka. Batire ndi ya tochi. Ine ndikufuna chinthu choti chizilumikizidwa pakhoma la kalasi m'mawa, chigwire mpaka ana ataweruka, chaka ndi chaka.

Kunyumba ndinawaonetsa mayi a Nyenje katoni uja, ndi timanotsi tanga tam'mbali. Anatenga cholembera chofiira n'kundichonga: zinayi pa khumi, zolemba zosawerengeka.

Loweruka, 11 Meyi

Tsiku lonse m'kachipinda kakuseri kosungiramo katundu. Ndasuntha njinga yakale ndi makatoni a mabuku, ndagoneka chitseko chakale pa madiramu awiri, tebulo latheka. Zala zanga zinazolowera mawaya onenepa ngati chala chomwecho. Apa timiyendo ngati tsitsi. Maso nawonso ayamba kundinamiza, mitundu ya pa marezisita ndikuchita kuitengera pawindo. Kachipu koyamba ndakawotcha, ndinakaika chozondoka. Mwayi a Mawailesi anandipatsa tiwiri, ngati ankadziwa.

Chakumasana mayi a Nyenje anabwera ndi tiyi, anaima pakhomo. Milomo ikuyenda. Ine chowotcherera m'manja, mtovu ukusungunuka, sindikanatha kutembenuka. Ndinati dikirani pang'ono, chikatha ichi mudzandiuza zonse pa sipika, mpaka aneba adzadandaule. Anaika kapu pa diramu n'kubwerera.

Dzuwa lisanalowe, kuyesa koyamba. Ndinayamba ndi chaja ya foni poti ndi imene inali pafupi. Kagwira! Ndinakanda kamaikolofoni ndi chikhadabo, sipika inayankha kuti khwee. Mtima unadumpha. Koma kumbuyo kwake kulira kwina kopyapyala, tsiiii, ngati udzudzu uli m'khutu. Ndikakweza voliyumu kufika poti munthu wonong'ona amveke, udzudzu uja ukusanduka wezulo. Ndayesa machaja atatu: yanga, yawo, ndi ina yakale ya m'kabati. Iliyonse ndi nyimbo yake. Chaja yalephera mayeso.

Tiyi ndinamupeza atazizira, ntchentche ili momwemo.

Lamulungu, 12 Meyi

Nyenje anaimba foni. Mwana wathu mmodzi yekhayo. Dzinalo anamupatsa ndi mayi ake, chifukwa cha kalilidwe kake ali wakhanda. Tsopano ali ndi pathupi pa miyezi isanu ndi umodzi, kutali, ulendo wa tsiku lathunthu pabasi. Pafoni mayi ake samveka, ndiye ine ndimakhala pakati: iwo anong'ona m'khutu mwanga, ine n'kubwereza. Iwo anena ziganizo zisanu, ine ndipereka chimodzi. Nyenje anati, "Adadi, musamadule, muzinena zonse." Nanga zoti azipaka mafuta pamimba ndi kugonera kumanzere zituluke pakamwa panga?

Foni itadulidwa ndinaona mayi ake akupukuta m'maso ndi kolala. Ndinathawira kuseri kukayeza marezisita amene ndinayeza kale dzulo.

Mayi a Nyenje akutsokomola kwambiri sabata ino. Supu akusiya theka, akuti akumeza movutikira. Lachiwiri akukaonana ndi dokotala, zotsatira za kuwajambula pakhosi zatuluka. Ine ndili pa shifiti. Apita ndi mlamu.

Lachiwiri, 14 Meyi

Ndikanatha kupempha tsiku. Akapitawo sakanakana. Sindinapemphe. Ndilembe zoona, kope ili saliwerenga munthu: fungo la m'makonde a chipatala sindimalipirira, ndipo dokotala akamalankhula ndimangoona pakamwa pake, m'makutu muli gwaa.

M'malo mwake nthawi ya nkhomaliro ndinakafukula mulu wa zotayidwa kuseri kwa wekishopu. Ndapeza tiransifoma yabwinobwino ya m'bokosi lakale loyendetsera makina, yolemera ngati theka la njerwa, ya mawaya atatu kotulukira. Akapitawo anati tenga. Madayodi anayi, makapasita awiri akuluakulu, maregyuleta awiri oti magetsi asamakwere ndi kutsika. Awa ndiye magetsi enieni. Izi ndimazidziwa.

Ndinafika kunyumba nditainyamula ngati khanda. Pabalaza mlamu ali chilili, chikwama m'manja, maso ofiira. Mayi a Nyenje pampando, envulopu ya khaki pamiyendo. Ndinafunsa kuti mwayenda bwanji. Mlamu anatsegula pakamwa, mkulu wake n'kumugwira dzanja. Ananong'ona kuti tikambirana. Ine ndinati chabwino, n'kuwaonetsa tiransifoma. Ndinafotokoza ndithu, mpaka za madayodi. Mlamu anandiyang'ana ngati ndamutukwana, anatuluka osatsanzika.

Envulopu aiika pamwamba pa kabati. Ndaiona. Sindinaikhudze.

Lachisanu, 17 Meyi

Masiku atatu, ndikangoweruka molunjika kuseri. Magetsi a tiransifoma atheka, mita ikuonetsa mavoti khumi ndi awiri mbali iyi, khumi ndi awiri mbali inayo, osagwedezeka. Udzudzu wapita. M'malo mwake kwabwera njuchi. Mmmmmm. Kulira kwa pansipansi, komwe kuja ndimamva tsiku lonse kufakitale, kwanditsatira kunyumba.

Ndawonjezera makapasita. Mmmm. Ndasunthira tiransifoma kutali ndi kabolodi ka piriampu, kwachepako. Ndaika kabolodi m'chitini cha mabisiketi, chitinicho n'kuchilumikiza ku waya wa ethi, uja woteteza munthu kuti magetsi asamumenye. Kwachepanso. Ndikangoti sipika nayo ilowe pakhoma, njuchi yabwerera. Ndapota mawaya, ndafupikitsa, ndawotchereranso paliponse. Kwa munthu wolankhula bwinobwino sikungamveke n'komwe. Koma ndikanong'ona monga amachitira iwo, ine ndi njuchi tikufanana mphamvu.

Lero zandionekera. Ndinachotsa waya wa ethi kuti ndione ngati kulirako kusinthe, n'kuiwala kubwezera. Waya wochokera pakhoma anali atasupuka pamlomo pa chitini. Ndinagwira ndi dzanja la thukuta. Magetsi anandimenya mpaka m'chigongono, chala chapsa. Ndinakhala pansi pa simenti nthawi yaitali. Chitini chomwecho ndi chimene chingwe chake chikapite pakhosi pawo. Ine, wa zaka makumi atatu pa ntchito, amene ndimakalipira anzanga za ethi.

Dzulo mayi a Nyenje anabweranso pakhomo, envulopu m'manja. Ndinati mawa, ndatsala pang'ono. Lero sanabwere. Chakudya ndinachipeza chovundikira patebulo.

Loweruka, 18 Meyi

Kwa a Mawailesi, chitini changa m'chikwama. Anamvetsera njuchi ija khutu lili pa sipika, maso otseka. Akuti n'zotheka kuithetsa, koma pafunika tiransifoma ikhale m'bokosi lakelake, waya wotchinga phokoso, ndi masabata awiri a kuleza mtima. Kenako anaona chala changa. Anavula mandala.

"Chinthu chokhala pakhosi pa akazi anu mukufuna chikhale ndi chingwe chopita kukhoma? Inuyo?"

Anatulutsa mabatire awiri a mavoti naini, aja amakona anayi. Anadula mawaya anga a tiransifoma osandipempha n'komwe, masiku anga atatu n'kugwera pansi. Analumikiza. Anayatsa. Ndinaona ngati sichinayake. Zii. Anapotokola voliyumu mpaka kumapeto: kampweya kokha, fuuu, chapatali. Anandivula wotchi n'kuigunditsa pa kamaikolofoni. Inamveka m'shopu monse, the, the, the, mpaka mayi wina wodikira wailesi yake anatembenuka.

Ndinatsutsabe. Ndinati mabatire amatha. Akuti inde amatha, maola makumi atatu kapena anayi, kachipu aka sikadya kwambiri. Ndinati teremu ili ndi masabata khumi ndi atatu. Akuti ndiye muzisintha, kapena mupeze ochajidwa, vuto lili pati? Vuto ndi loti sindikufuna kuwapatsa chinthu chimene chimatha. Koma zimenezo ungamuuze munthu m'shopu?

Ndabwera nawo mabatirewo.

Lamulungu, 19 Meyi

Ndilembe basi.

M'mawa ndinamaliza. Swichi, kagetsi kofiira, mabatire omangidwa ndi labala m'chitini. Titamwa tiyi ndinaika sipika patebulo la pabalaza, kamaikolofoni n'kuwapanira pakolala ndi kapini. Ndinakaima patali dala, pakhomo la kukhitchini. Ndinati yambani, Aphunzitsi, kalasi yakhala chete.

Anayamba ndi kutsokomola, sipika inachita ngati bingu, tonse tinadzidzimuka. Kenako: "Bambo a Nyenje." Ndinamva. Ndili kukhitchini ndinamva. Osasa, inde, koma awo enieni, ndi kakukoka kaja amakoka pa "Nye". Patha miyezi inayi. Ndinaomba m'manja ngati chitsiru.

Anafunsa kuti mabatirewa amakhala nthawi yaitali bwanji. Ndinayamba kupepesa. Ndinati maola makumi atatu okha, koma tiransifoma ndiikonza, teremu isanayambe zonse zikhala zili m'malo. Anakweza dzanja monga amachitira ndi ana.

"Akwana. Khalani pansi. Sabata yonse ndakhala ndikufuna kukuuzani."

Chotupa chabwerera, chakula. Pa 30 mwezi uno achotsa kholingo lonse, pamene pamachokera mawu. Azidzapumira pa kabowo ka pakhosi. Dokotala akuti akachotsa, mwayi wokhala ndi moyo ndi waukulu. Akasiya, ayi. Kusukulu analemba kale kalata yosiya ntchito, mlamu anakapereka Lachinayi. Ahedi akudziwa. Nyenje akudziwa, anamulembera uthenga pafoni. Wotsala ndinali ine, amene ndimagona nawo chipinda chimodzi.

Zonsezi ndinazimva bwinobwino, liwu lililonse, popanda udzudzu, popanda njuchi. Ntchito yanga yatheka bwino.

Ndinafunsa funso lopusa: nanga kabokosika? Anati kabokosi kamakweza mawu amene alipo.

Sindinalire pamaso pawo. Ndinapita kuseri, ndinanyamula tiransifoma ija, sindikudziwa kuti ndimafuna kuitani. Ndinaima nayo mpaka manja anatopa. Nditabwerera anali akadali pampando pomwepo, kagetsi kofiira kakuyaka. Ndinathamangira kuzimitsa, ngati mabatire ndi amene akutha.

Lolemba, 20 Meyi

Kuntchito ndinatsegula bokosi la mafyuzi n'kuima, osadziwa chimene ndadzera. Mnzanga wa pa shifiti anachita kunditseketsa. Akuti pita ukakhale pansi usanatiphe tonse.

M'mawa wonse mkwiyo. Auze ahedi, auze mlamu, auze mwana, ine ayi? Pofika masana mkwiyo unasowa pogwira. Envulopu inali pakabati masiku asanu. Ndinkaidutsa popita kuseri, ndinkaidutsa pobwera. Ndinkadziwa kuti muli kanthu. Ndinkati ndikamaliza kabokosi, zimene zili m'menemo zidzakhala zazing'ono.

Lachinayi, 23 Meyi

Ndatenga tchuthi. Akapitawo sanafunse zambiri, anangondigwira paphewa ndi dzanja la girisi, shati yathimbirira.

Za mu envulopu ndawerenga, kawiri. Dzulo ndinapita ndi mayi a Nyenje kuchipatala kukayezetsa magazi. Fungo linali lomwe lija, koma ndinakhala. Ndinamufunsa dokotala mafunso atatu amene ndinalemba pachikhatho, limodzi linali litafufutika ndi thukuta. Namwino anationetsa kachubu kamene kadzakhale pakhosi, ndi katsukidwe kake. Wotsuka ndidzakhala ine. Ndinapempha kuti andionetse kawiri.

Pobwerera m'basi mayi a Nyenje anandiuza m'khutu kuti Loweruka lija anabwera ndi tiyi ankafuna kundipempha kuti ndidzawaperekeze Lachiwiri. Sananene mokwiya. Bola akanakwiya.

Mlamu wayambanso kundilankhula, pang'ono. Anandipeza ndikutsuka mbale, anati, "Alamu, mwatulukamo m'dzenje muja?" Ndinati ndatuluka. Anandipatsa nsalu yopukutira.

Chitini chili patebulo la pabalaza tsiku lonse. Dokotala akuti asamalankhule kwambiri, pakhosi pamatupa. Iwo akuti mawuwo awasungire ndani?

Lamulungu, 26 Meyi

Maganizo ndi awo. Akuti ngati kabokosi kangatumize mawu ku sipika, kangatumizenso ku foni. Lachisanu ndinathamangira kwa a Mawailesi, anandipangira kachingwe ka marezisita awiri ochepetsa mphamvu kuti foni isatsamwe. Atamva chifukwa chake anangoti pitani, pitani, n'kutembenukira ku mashelefu awo.

Masiku awiri tikujambula mawu awo pafoni. Timatseka mawindo, timazimitsa firiji chifukwa nayo kabokosi kamaimva. Galu wa aneba watiwonongera katatu. Mphindi khumi, kupuma, madzi ofunda, mphindi khumi. Ali ndi ndandanda m'kope lawo, ngati ya maphunziro. Za mwana wa Nyenje amene sanabadweyo: zilembo zonse kuyambira A, kuwerenga mpaka makumi awiri, tinkhani tiwiri ta m'buku la kalasi yawo. Nyimbo yogonetsa mwana inakanika kuimbika, angonena mawu ake. Moni wa mitundu iwiri, wina ngati adzakhale mtsikana, wina mnyamata. Kenako "Siya!", "Tsika pamenepo!", "Ndakuona!" Akuti mwanayo adziwe kuti agogo ake sanali ofewa. Ndinaseka mpaka tinachita kujambulanso.

Pofika pa za Nyenje anandithamangitsa. Ndinakhala panja pa sitepe theka la ola. Atatsegula chitseko maso anali otupa.

Ndinafunsa kuti nanga zanga. Anati, "Inu ndakulankhulani zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu. Mukanajambula nokha." Patapita kanthawi anandikodola kuti yatsani. Chimodzi chokha, chachifupi: "Bambo a Nyenje, chakudya chazizira." Akuti ndi chimene ndidzachisowe.

Mabatire akadali oyamba aja. Ndayeza, akuonetsa mavoti eyiti.

Lachiwiri, 28 Meyi

Mawa akukagonekedwa. Nyenje wafika masana ndi mimba yake, miyendo yotupa ndi basi. Mayi ndi mwana pasofa, chitini pakati pawo, womasulira osafunikanso. Ine kukhitchini ndikusenda mbatata, ndikumva mawu awiri akukangana za dzina la mwana. Ngati kale. Mbatata ndinasenda zambiri kuposa zofunika, kuti ndisachokepo.

Mawu ayamba kuthawa ngakhale pa sipika. Ena akungotuluka mpweya.

Chikwama talongedza: zovala zotsegula kutsogolo, kope latsopano, mapensulo atatu. Kabokosi akuti katsale. Mawu omaliza amene kanakweza: akumufunsa Nyenje ngati wamwa mankhwala ake owonjezera magazi. Ndimayembekezera zazikulu. Ndi amenewo.

Lachisanu, 14 Juni

Abwera kunyumba dzana. Za kuchipatala sindilemba. Maola asanu ndi awiri pabenchi, Nyenje atandigwira dzanja, n'zokwanira. Dokotala akuti anachotsa chonse chimene anaona. Mwezi wamawa kuwotcha ndi makina, kenako tidzaona. Kachubu ndikutsuka m'mawa ndi madzulo. Tsiku loyamba zinandivuta, lero ayi. Nyenje wabwerera dzulo kwa mwamuna wake, foni yodzaza mawu a mayi ake.

M'nyumba zii. Firiji yokha. Sindinkadziwa kuti phokoso lonse la muno linali la munthu mmodzi.

Kuchipatala mayi wina wophunzitsa odwala kulankhula anationetsa kachida kogunditsa pakhosi. Kamanjenjemera, munthu n'kumaumba mawu ndi milomo. Akuti pakapita miyezi, bala likapola. Ndinakayang'anitsitsa. Mkati mwake simungakhale zambiri: kakoyilo, kachipu, batire. Lero titadya nkhomaliro ndinakhala patebulo n'kuyamba kukajambula. Ndinali nditaimirira kale kuti ndikaone ngati kuseri kuli koyilo.

Mayi a Nyenje anandilanda pensulo. Analemba m'kope lawo, zilembo zazikulu za pabolodi: MUSAYEREKEZE. Pansi pake: Khalani pano. Lankhulani ndinu.

Ndinafunsa kuti ndilankhule chiyani. Analemba: Chilichonse. Mwachita chete muno.

Ndinakhala. Ndinayang'ana manja anga. Ndinayamba kuwauza za mota ya pampu imene inapsa mu Epulo, mmene akapitawo ananamizira mvula chonsecho anaiwala okha kuthira girisi. Nkhani yopanda mutu. Ndikaima, iwo kukodola kuti pitirizani. Mphindi makumi anayi, kukhosi kwauma. Chikwatiraneni sindinalankhulepo chotere.

Agona tsopano pasofa, pensulo ili m'manja, dzuwa likuwomba kumapazi. Asanagone analemba kuti akadzuka akufuna nkhani ya mmene ndinapezekera kwa amalume ndili mwana. Akuti zaka zonsezi amangomva zidutswa kwa anthu ena. Sindinauzepo munthu. Ndiyesere kaye pano.

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Bambo anga anandigulira nsapato zazikulu, zoti ndikulire momwemo, anandikweza basi, n'kundiuza pawindo kuti adzanditenga Loweruka. Loweruka lake ndinavala nsapatozo m'mamawa, n'kukakhala pa

Adzuka. Ndikawauze pakamwa.